Masipika a Kwaya pa Chiliza cha Amayi

Zida zoimbira za achinyamata a pa tchalitchi pathu zidafika pa ngolo ya ng'ombe, chaka china soya atagulidwa bwino. Adakazigula ku Mponela: masipika awiri ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kiyibodi, ampulifaya, maiki, batire ndi sola yake, ndi mtolo wa mawaya wosadziwika mutu ndi mchira. Ana amenewo adazikhetsera thukuta, zimenezo sindingawalande. Adasoka fodya m'zigafa za anthu, adaumba njerwa, adalima soya m'munda wa mpingo mpaka manja kuchita matuza. Tsiku limene adaziyesa koyamba nkhalamba zina zidatseka makutu, koma zidatuluka m'tchalitchi zikumwetulira.

Vuto lidali posunga. Tchalitchi chathu chilibe siling'i, mileme imagona m'denga, makoswe ndiye amayendamo mwaufulu kuposa akulu a mpingo. Zenera lina lakumbuyo mwana aliyense amadziwa katsegulidwe kake. Lamulungu lina, pa nthawi ya zolengeza, abusa adafunsa ngati pali wina woyandikana ndi tchalitchi amene angadzipereke kusunga zidazo kunyumba kwake. Anthu a nyumba zazikulu adayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene. Ine ndidakweza dzanja.

Ndine telala, mayi wamasiye. Amuna anga adali mphunzitsi, ndipo adandisiyira nyumba ya malata yothira simenti pansi, kuseri kwa tchalitchi komweko. Ana adakula n'kupita m'tauni, chipinda chimodzi chidangosanduka cha akangaude. Zimenezo ndiye zifukwa zimene ndidauza anthu, koma padali china chimene sindidanene.

Ine sindidabadwire mu mpingo. Kwathu ndi kutsidya kwa dambo, mudzi uja uli pa chitunda choyang'ana phiri la Ntchisi, umene madenga ake amaoneka ukaima pakhonde panga. Ndi mudzi wa gule wamkulu. Amayi anga adali namkungwi, mlangizi wa atsikana pa chinamwali, ndipo zilombo zikatuluka pabwalo nyimbo ankayambitsa ndi iwo. Ine ndidalowa kalasi ya ubatizo nditakwatiwa kale, ndikukhala pa benchi limodzi ndi tiana ta sukulu, mwana ali kumbuyo. Tsiku limene ndidalandira mgonero koyamba kapu ndidaigwira ndi manja awiri kuopa kuitaya. Patapita zaka ndidavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la amayi a mpingo. Wobadwira momwemo sangamvetse kuti mpando wa pa mgonero ndi wamtengo wotani kwa munthu amene adachita kuuyendera wapansi.

Lamulo la mpingo wathu n'lodziwika: ukapezeka ku gule, kapena kuthandizira za gule ndi za mowa, umadulidwa. Kudulidwa ndiko kuti mgonero sulandiranso, yunifomu umavula, ndipo dzina lako limalengezedwa pamaso pa anthu onse. Ine lamuloli ndidalisunga mpaka lidandidyera abale. Pa maliro a amayi ndidalira m'mawa wonse, koma ng'oma zitangoyamba ndidanyamuka n'kuwoloka dambo osacheuka. Mlongo wanga, amene ndi wamkulu kwa ine ndipo ndiye mwini mbumba kwathuko, adatha nyengo yaitali osandipatsa moni. Ndiye pamene ndinkakweza dzanja lija, mumtima ndinkati mpingo uone kuti katundu wake angathe kugona bwinobwino m'nyumba ya mwana wa namkungwi.

Zidazo ndidazisamala kuposa mmene ndimasamalira makina anga osokera. Masipika ndidawaika pa matabwa kuopa chinyezi ndi chiswe, ndidawasokera zovala kuchokera ku zitenje zanga zomwe, kiyibodi n'kuisokera thumba la zipi. Mawaya ndinkawakulunga ndekha n'kuwapachika pa misomali, chifukwa wachinyamata akamakulunga waya amachita ngati akumanga mbuzi yothawathawa. Ndidapempha mwana wa mphaka kwa anansi kuti azilondera. Sola ndinkaitulutsa m'mawa n'kuitsamiritsa pa khoma, ndipo kumwamba kukangochita mdima ndinkasiya nsalu pa makina n'kuthamanga. Za magetsi sindidziwa kanthu, koma zidazo ndidazizolowera mpaka mawu ake. Sipika imodzi inkayamba yakhosomola isanalankhule, kukhosomola kouma kwa nkhalamba. Anyamata ankati ili ndi chifuwa cha fodya.

Obwereka sankasowa. Wina ali ndi ukwati wa mwana wake, wina akutsegula golosale, wina akuti pangokhala tinyimbo pa mpira. Akulu a mpingo adali atanena kuti zida zisapite kulikonse kumene kuli mowa kapena gule, ndipo ine ndinkakana kwamtuwagalu, kaya wobwerekayo ndi kasitomala wanga. Ena adasiya kudzasoketsa kwa ine chifukwa cha zimenezi. Sindidadandaule, nsalu sizitha m'dziko muno.

Achinyamatawo ankanditcha apolisi. "Apolisi, tabwera kudzaombola akaidi athu," ankatero akafika Lachisanu kudzatenga zida za pulakatisi. Ine ndinkayankha kuti wobweza maiki wopanda chivindikiro chake agona m'selo. Tinkaseka. Nthawi zambiri ankangoimbira pakhonde panga pomwepo, ine ndikuwawiritsira mbatata kapena kuwakazingira chimanga. Pakhomo pamene padali zii chimwalirireni amuna anga padayambanso kumveka anthu. Ndinene zoona, ndidawakonda ana amenewo.

Awiri ndiwo adalowa kwambiri mumtima. Wapampando wa gululo adali mnyamata wamtali, wolankhula mofatsa, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo akamapemphera ankachita kukugwetsa misozi. Wina adali mtsikana woyambitsa nyimbo mu kwaya, mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali ake, amene ndinkamuphunzitsa kusoka ulere. Awiriwa adali pa chitomero, chinkhoswe chitachitika kale, ukwati wawo woyera ukuyembekezeka mvula isanagwe. Madiresi a operekeza mkwatibwi ndinkasoka ndine. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mwambiwo ndidaumeza osatafuna.

Chaka chimenecho, anthu atagulitsa fodya, mlongo wanga adaganiza zomanga chiliza pa manda a amayi. Kwathuko chiliza cha namkungwi si nkhani ya simenti yokha. Amafulula mowa, amapha mbuzi, mafumu amabwera, zilombo zimatuluka kudzatsazika mwini nyimbo zawo. Ine ndidatumiza thumba la simenti, poti kumanga manda a kholo si tchimo, ndipo ndidaganiza kuti mbali yanga yathera pomwepo.

Madzulo ena mlongo wangayo adatulukira yekha pa njinga, achinyamata ali pakhonde akumaliza pulakatisi. Ndidamupatsa mpando, adakhala chipewa chili pa bondo, tidapatsana moni wa anthu osazolowerana.

"Mlongo," adatero, "anthu adzachuluka. Mafumu akamalankhula, akumbuyo sadzamva. Ndimati mutibwerekeko makina anuwa tsiku limodzi lokha. Ndi amayi anu omwe aja."

"Achimwene, si zanga izi, n'za mpingo. Ndipo mukudziwa kumene mukufuna kupita nazo."

"Ku manda a amene adakuberekani."

"Ku gule," ndidatero. "Musandiike pamoto. Zimenezi sizingawoloke dambo ine ndili moyo."

Adavala chipewa chake n'kukankha njinga mpaka kumsewu osakwera. Tsiku limenelo chakudya sichidalowe. Wapampando uja adamva zonse, ndipo mlongo wanga atapita adabwera pafupi n'kundiuza kuti, "Amayi, mwatiphunzitsa kanthu lero. Chikhristu ndiye chimenechi."

Tsiku la chiliza lidagwa Loweruka. Lachisanu masana wapampando ndi mtsikana uja adabwera ndi ngolo, anyamata ena a mu komiti ali pambuyo. Adati kwaya yaitanidwa ku nyumba ina ya mapemphero cha kunjira ya ku Chezi, kuli msonkhano wa makwaya, akagona konko, anzawo atsogola kale pa njinga. Sindidafunse zambiri. Maulendo otere ankachitika, ndipo amene ankandiuzayo ndi yemwe uja wa "Chikhristu ndiye chimenechi". Ndidayala udzu m'ngolo kuti masipika asagundane, ndidawaveka zovala zawo, ndidapatsa mtsikanayo mtedza wokazinga wa panjira. Polandira sadandiyang'ane kumaso, ine n'kuyesa ndi manyazi a mkwatibwi.

Loweruka ndidakhala pa makina kuyambira m'mawa, ndikusoka madiresi aja pakhonde, msana nditalozetsa kutsidya. Ng'oma zidayamba dzuwa litakwera. M'chilimwe, minda ili mbee, mphepo ikamachokera kuphiri, mawu amawoloka dambo lija ngati akuchokera kuseri kwa nyumba. Ndinkapalasa makina mwamphamvu kuti ndisamve nyimbo za amayi, koma mapazi ankatsata ng'oma okha osandiuza.

Dzuwa litapendeka ng'oma zidaleka. Kenaka ndidamva chinthu chikukhosomola, ndipo mapazi adaima. Chidakhosomolanso, kukhosomola kouma kuja, wina n'kuti "halo, halo". Ndidadziuza kuti masipika odwala chifuwa alipo ambiri m'dziko muno. Ndiye kudamveka mawu a mlongo wanga, aakulu kudzaza dambo lonse. Adathokoza mafumu, adathokoza omanga chiliza, adathokoza amayi ofulula mowa. Kenaka adati:

"Komanso pali mlongo wathu wa kutsidyayu. Thupi lake silili pano, malamulo a kwawoko mukuwadziwa. Koma izi mukundimvera bwinozi watumiza ndi iyeyo. Chibale ndi fupa, abale anga, sichiola. Mlongo, ngati mukumva, amayi alandira!"

Nthungululu zidawoloka dambo. Nsalu idangotsala pansi pa singano. Nditatukula maso ndidaona mnansi wanga, mkazi wa mkulu wina wa mpingo, ataima pakhomo pake ndi lichero m'manja, akundiyang'ana. Pa mjigo amayi adaleka kupopa. Mudzi wonse wa kuno udamva, ndipo udamvera m'zida zimene ndinkazipukuta ndi manja anga.

M'mawa mwake kutchalitchi kwaya idaimba pakamwa pokha, popanda kiyibodi, ndipo palibe adafunsa chifukwa chake. Kudalibe msonkhano wa makwaya kulikonse, ambiri a mu kwaya adali pomwepo. Pa benchi la amayi oyera anzanga adasendera pang'ono, kundisiyira malo ochuluka kuposa amene thupi langa limafuna. Wapampando ndi mtsikana uja sadaoneke.

Zida zidabwera Lolemba ndili ku mjigo. Ndidazipeza zitaunjikidwa pakhonde ngati katundu wa munthu wothamangitsidwa ku ukwati, zovala za masipika zikununkha masese. Sindidamwe ndi madzi omwe, ndidalunjika kwa wapampando. Ndidamupeza akuphwasula chigafa cha bambo ake, ndipo zimene ndidamulankhula sindingazilembe zonse, poti zina n'zosayenera mayi wa mpingo.

Adandimvera mpaka ndidatopa, kenaka adavomera zonse. Adati adamutsatira mlongo wanga tsiku lomwe lija n'kumuuza kuti ndasintha maganizo, ndawatuma mwakachetechete, iye angopereka mbuzi yothokozera anyamata oyendetsa makina. Mbuziyo idali yoti idzadyedwe pa ukwati wake.

"Achimwene anu tidawauza kuti asatchule dzina lanu, amayi. Mowa ndi umene waononga zinthu."

"Mowa? Mowa ndi umene udabwera ndi ngolo pakhomo panga?"

"Pepani, amayi, talakwa ndife. Akatiitana akuluakulu ndikanena ndekha, dzina lanu silidetsedwa. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Ndidabwerera mtima utatsikako. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti munthu wa imvi ngati ine ndidakhulupirira bwanji kachiwiri pakamwa pomwe paja.

Komabe ndidafuna mboni ina. Uthenga woti ndikaonekere ku bwalo la akulu a mpingo utafika, ndidawoloka dambo, koyamba chichokereni pa maliro paja. Zimene ndidapeza sindidazikonzekere. Alamu anga adandithamangira n'kundikumbatira. Ana adandilanda kachikwama. Amayi aang'ono, nkhalamba imene idalumbira kuti sidzandilankhulanso, adandigwira manja onse awiri akulira. Adandiyalira mkeka watsopano, wina n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Mlongo wanga adakhala nane pamkeka pomwepo, nkhope ili ngwee, akundiuza kuti simenti yanga adaiika kumutu kwa chiliza.

Ndikadatha kungokhala chete, kudya nkhuku ija, n'kubwerera ndili ndi abale. Ndidaganizapo ndithu. Koma chimene ndidawolokera dambo chidali mpando wanga wa pa mgonero.

"Achimwene, makina aja sindidatumize ndine. Ana aja adandinamiza, inunso adakunamizani. Ndabwera kuti mukandichitire umboni kwa abusa, mukanene kuti ine ndidakukanizani, ndipo amene adabwera kudzapangana nanu za mbuzi ndi mnyamata uja."

Adandifunsa kuti, "Ndiye kuti mukadadziwa, mukadawaletsa?"

"Ndikadawaletsa."

"Ine ndidaima pamaso pa mafumu n'kukutamandani. Lero mwawoloka dambo kudzandiuza kuti ndidatamanda mphepo, ndiponso ndipite kwa abusa anuwo ndikalumbire kuti mlongo wanga alibe nawo ntchito amayi ake." Adaimirira n'kukung'untha thalauza. "Mawu a munthu wa gule ngati ine adayamba liti kumveka kwanuko? Pitani bwino."

Nkhuku ija adaileka, ndipo palibe adandiperekeza.

Bwalo lidakhala m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, masana a Lachinayi. Abusa pakati, akulu a mpingo m'mbali, ine pa benchi ndekha nditavala zoyera zanga. Bambo ake a wapampando adaliponso. Adati atuluke poti nkhani ikukhudza mwana wawo, koma anzawo adati akhale, ndi munthu wachilungamo. Ndidafotokoza zonse monga zidayendera. Kenaka adaitana awiri aja.

Mnyamatayo adalowa Baibulo lili kukhwapa. Adalankhula ndi mawu ake ofatsa aja, opempherera.

"Ife tidangotumidwa, abusa. Amayi adatiitana n'kutiuza kuti kumudzi kwawo kuli mwambo wa banja, tikasiye zida. Sitidadziwe kuti kuli zachikunja mpaka titafika. Tidaopa kukana poti ndi kholo lathu, komanso zida amasunga ndi iwo."

Ndidaimirira. "Iwe! Tandiyang'ana kuno! Za mbuzi bwanji sukunena?"

"Khalani pansi, mayi," adatero mkulu wina. "Kuno si kumsika."

Abusa adatembenukira kwa mtsikana uja. Apo ndiye ndidapumira m'mwamba ndi chiyembekezo, chifukwa mwana ameneyo ndidamugwira dzanja pomuphunzitsa kudula nsalu, ankadya m'mbale mwanga. Adamufunsa ngati zimene wanena mnzakeyo n'zoona. Adazyolika, akupota nsonga ya chitenje. "N'zoona," adatero, mawu ngati a udzudzu.

Zotsalazo zidayenda mofulumira. Wina adati mawu a mlongo wanga adawamva yekha ndi makutu ake ali kudimba. Wina adati, nanga simenti ija sindidatumize? Wina, amene ndidasokera mkazi wake yunifomu, adapukusa mutu n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa, munthu azisankha kumodzi. Za mbuzi palibe adafunsa, ngakhale idali yomangirira kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa iwo, ikudya gaga. Ndidapsa mtima, ndidakweza mawu, ndipo kukweza mawuko adakutenganso ngati kuuma mtima. Adandidula.

Lamulungu lotsatira dzina langa lidalengezedwa kudzera m'masipika omwe aja. Zida adazisamutsira kwa bambo ake a wapampando, ndipo anyamata amene adabwera kudzanyamula sadatchulenso za apolisi ndi akaidi. Bulauzi ndi duku ndidazichapa, kuzisita, n'kuziika pansi pa sutikesi. Pakhonde panga padabwereranso zii. Anthu ena ankandinong'oneza ku mjigo kuti zoona akuzidziwa, nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu, koma ponong'ona pomwepo n'pamene zinkathera.

Ukwati utayandikira, mtsikana uja adabwera kudzatenga madiresi. Ndidali nditawamaliza, chifukwa ntchito ya manja anga sindiisiyira panjira kamba ka munthu. Adagwada patali, pansi pa masitepe, ngati mlendo.

"Lowa," ndidatero. "Nyumba ino ukuidziwa mpaka pamene pamakhala mchere."

Sadalowe. Ndidamutulutsira madiresi n'kumufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti adachitiranji zimenezi.

Adayamba walira. Kenaka adati akadanena zoona akadadulidwa onse awiri, ukwati sukadadalitsidwa m'tchalitchi, azakhali ake adali ataitana kale anthu, apongozi ake akadachita manyazi pamaso pa akulu anzawo. Zonsezo ndidazimva, ndipo mwina tsiku lina ndikadazikhululuka, poti mantha a mwana wamasiye ndimawadziwa. Koma adapitiriza, akupukuta misozi, ngati akunditonthoza.

"Tidakambirana a mu komiti tonse, amayi. Tidaona kuti kwa inu sizikhala zolemera ngati kwa ife. Anthu sadabwa, poti inu kwanu n'komweko."

Ndidamuyang'anitsitsa. Sankanyoza ayi. Ankanena chinthu chimene kwa iye chidali chodziwikiratu, ngati kunena kuti mvula imagwa m'dzinja. Ndiye kuti adakhala pansi, ana amene ndinkawawiritsira mbatata, n'kuyeza kuti pakati pathu wotayika mosavuta ndani, ndipo adakumbukira kumene ndidabadwira. Zaka zonse zimene ndidakhala pa mgonero, maliro a amayi amene ndidawathawa, mlongo amene ndidamubweza ndi njinga yake iwo akuona, zonsezo sizidalemere kuposa mudzi wa kutsidya. Ndidamva kuwawa kumene sindidakumve ngakhale pa bwalo paja. Ndidamuuza kuti anyamule madiresi ake, ndipo asadzapondenso pakhomo panga.

Ukwati udachitika, kwaya idaimba, mbuzi idadyedwa. Ine ndidamvera ndili kudimba, ndikuthirira mpiru.

Miyezi itapita abusa adabwera okha kudzandiona. Ndi munthu wabwino, ndipo ndikuganiza kuti pofika nthawi imeneyo adali atamva zina. Adati khomo n'lotsegula. Wodulidwa savutika kubwerera: amalowa kalasi ya obwerera kwa kanthawi, kenaka amaima pamaso pa akulu n'kuvomera kuti adalakwa ndipo walapa, basi yunifomu n'kuvalanso.

"Ndivomere chiyani, abusa?"

"Mayi, ndi mawu ochepa chabe. Bwalo lidagamula kale, kulitsegulanso n'kugawanitsa mpingo. Nthawi zina munthu amangodzichepetsa."

"Ndiye ndiname kuti ndilandire mgonero?"

Adayang'ana pansi, adapemphera, adapita. Abusa amene adabwera m'malo mwawo adandiuzanso zomwezo, ndipo ndidawafunsa funso lomwelo. Ana anga a m'tauni amati ndingovomera zithe, kapena ndilowe mpingo wina, poti mipingo yachuluka ngati magolosale. Iwo adabadwira momwemo, sadziwa kuti sindingatenge bodza la mwana wa eni n'kulisandutsa langa pamaso pa Mulungu.

Kutchalitchi sindidasiye. Ndimakhala pa benchi lakumbuyo nditavala chitenje wamba, ndimaimba nawo, ndimapereka chopereka. Mgonero ndimaufuna, ndisaname, makamaka ndikaona amayi anzanga akuyala nsalu yoyera pa tebulo. Ulaliki ukatha amalengeza kuti amene sali a mgonero atuluke, ndipo ndimanyamuka pamodzi ndi ana ndi a kalasi. Mnyamata uja tsopano ndi mtumiki wa mpingo, mmodzi wa aja osonkhetsa chopereka, ndipo ntchito yoima pakhomo tsiku limenelo imagwera atumiki. Amandigwirira chitseko mwaulemu, amati, "Zikomo, amayi," ndipo ndikadutsa amatseka.